Azakhali akufuna ndiwalembe pa mndandanda wa thandizo: ndikakana, ndine Mkhristu wopanda chifundo?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa cha ku Bangula, m'boma la Nsanje. Alemba motere:

"Abusa, ine ndine mayi wa mvano, komanso ndine mlembi wa komiti ya m'mudzi mwathu yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Madzi akasefukira, ndife timalemba mayina a mabanja oti alandire thandizo. Ulendo uno atipatsa malo 40 okha pamene ovutika ndi ochuluka. Azakhali anga, amene anandilera bambo atamwalira, amakhala kumtunda, madzi sanawafike, koma ndi okalamba ndipo chakudya alibe. Akuti ndiwalembe. Anyakwawa nawo andinong'oneza mayina awiri. Nditazengereza, azakhali anandifunsa kuti, 'Chikhristu chakocho n'chotani chopanda chifundo?' Mawu amenewa akundisowetsa tulo. Kodi pakati pa chifundo ndi chilungamo, Mkhristu asankhe chiti?"

Mayi, zikomo polemba mosabisa. Yankho langa ndi ili: azakhali musawalembe pa mndandanda umenewo, komanso musalole kuti agone ndi njala. Ntchito zonse ziwirizi ndi zanu, ndipo yachiwiriyo ndi imene idzakulowereni m'thumba.

Tiyambe ndi nambala imene mwatchulayo. Malo 40 ndi 40 basi. Cholembera chanu sichingaswe thumba la chimanga kuti abadwe awiri. Dzina la azakhali likalowa, pali dzina lina limene lituluke, ndipo mwini dzinalo ndi munthu wokhala ndi mimba ngati yathu yomweyi. Vuto lake n'lakuti azakhali mukuwaona. Akhala pa mphasa pakhomo panu, mawu awo mukuwamva, mukukumbukira mmene ankakufundirani chitenje chawo usiku. Koma wochotsedwayo simukumuona, chifukwa sanabwere kudzakudandaulirani. Chifundo chimene mukumvacho n'chenicheni, sindikuchinyoza ayi. Kungoti amene achilipire si inu. Achilipira ndi munthu wina amene sanafunsidwe n'komwe.

Zimenezi ndinaziphunzira mowawa. Mu Januwale 2015, madzi aja amene anachititsa boma kulengeza kuti maboma 15 ali pa ngozi, ndinali kutumikira pa msasa wina umene unali pa sukulu ya pulayimale. Anthu anali thithithi m'makalasi, ena pansi pa mitengo. Mkulu wina wa mpingo wathu, munthu wokhulupirika, munda wake unakokoloka koma nyumba inatsala. Ndinapita kwa mlembi, mnyamata wa m'kwaya yathu, n'kumuuza kuti, "Akuluwa uwakumbukireko." Sindinamuuze kuti achotse munthu. M'mtima mwanga ndinkati ndachita chifundo.

Tsiku logawa linafika. Panali mayi wina wamasiye, mwana kumsana, thumba lopanda kanthu atalipinda bwinobwino n'kulipana kukhwapa. Anaima pamzere kuyambira m'mamawa, padzuwa la kuno limene inu mukulidziwa. Dzina lililonse likaitanidwa ankasendera pang'ono kutsogolo. Dzina lomaliza litatchulidwa sanakuwe, sanatukwane munthu. Anangofunsa chapansipansi kuti, "Buku latha?" Atamuyankha kuti latha, anagwada pamene ankagawirapo paja n'kuyamba kutola chimanga chotayika pansi, njere imodziimodzi, akuuzira fumbi. Madzulo mnyamata uja anandiuza maso ali pansi kuti dzina limene anafufuta linali la mayi ameneyo. Nditamufunsa chifukwa chake anasankha iyeyo, anati, "Abusa, ndinaona kuti alibe womuyankhulira."

Mawu amenewo sanandichoke mpaka lero. Dzina likamafufutidwa, safufuta la mlamu wake wa mfumu kapena la munthu wapakamwa. Amafufuta la wamasiye, la gogo wosamva bwino, la munthu wobwera amene alibe mbumba m'mudzimo. Ndinamufunafuna mayi uja, ndinapepesa, ndipo banja langa linamupatsa kuchokera pa zathu. Koma tsiku lija padzuwa sindikanatha kumubwezera.

Anthu ambiri amaganiza kuti Baibulo limangotiletsa kukondera olemera. Werengani Levitiko 19:15. Ndime imeneyo ikuletsa kukondera wamkulu, ikuletsanso kukondera wosauka pamene wapatsidwa udindo woweruza. Eksodo 23:3 akunenanso chimodzimodzi. Poyamba zimadabwitsa, poti Mulungu yemweyo ndiye amadzitcha tate wa ana amasiye. Koma tanthauzo lake n'lomveka: ukakhala pa mpando wogawa zinthu za anthu, umphawi wa m'bale wako si chilolezo chopotozera muyeso, chifukwa kuseri kwake kuli wosauka wina. Inu pa komitipo si mwana wa azakhali. Ndinu maso a mudzi wonse.

Mpingo woyamba unakumana ndi nkhani yanu yomweyi. Pa Machitidwe 6 tikumva kuti ku Yerusalemu kunabuka madandaulo: pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, amasiye oyankhula Chigriki ankadumphidwa, pamene amasiye a eni dera ankalandira. Atumwi sanadzudzule odandaulawo kuti n'ngopanda uzimu. Anaitana gulu lonse, nauza anthu kuti asankhe amuna 7 a mbiri yabwino, odzala ndi Mzimu ndi nzeru, kuti agwire ntchito yogawayo. Mukaona mayina awo, Stefano, Filipo, Nikolao ndi anzawo, onse ndi mayina a Chigriki. Zikuoneka kuti buku analipereka m'manja mwa anthu a mbali imene inkadandaula ija. Ndimakonda kuwauza amayi a mvano ndi achinyamata kuti kusunga kaundula wa chakudya ndi utumiki wofuna Mzimu Woyera ngati mmene kulalikira kumafunira. Stefano, woyamba kuphedwa chifukwa cha dzina la Yesu, anayambira pa ntchito yanu yomweyi.

Tsopano tibwere kwa azakhali, chifukwa pali pamene akulondola. Akuti Chikhristu chopanda chifundo n'chachabe, ndipo Yakobo 2:15-16 akugwirizana nawo: kuuza wanjala kuti apite mumtendere, akhute, iwe osamupatsa kanthu, kulibe phindu. Pa 1 Timoteo 5:8 Paulo ananena mawu olemera kwambiri, kuti wosasamala a pabanja pake wakana chikhulupiriro. Yesu naye pa Marko 7 anadzudzula anthu amene ankati chuma chawo achipereka kwa Mulungu, pofuna kuzemba kuthandiza makolo awo. Choncho ngati mungakane kuwalemba, n'kubwerera kwanu mtima uli mbee kuti mwasunga chilungamo, azakhali n'kumagonera madzi, ndiye kuti mwalephera mbali ina ya lamulo lomwelo. Chibale ndi fupa, sichiola. Munthu amene anakulerani ali ndi ngongole yake pa inu, ndipo ngongoleyo ndi yanu, si ya mabanja 40 aja.

Apa ndi pamene ambiri timathawira ku mndandanda. Kulemba dzina sikutidyera kanthu. Kutapa ufa m'nkhokwe yathu kumawawa. Tikamati tikuchitira m'bale chifundo ndi katundu wa thandizo, nthawi zambiri timakhala tikupulumutsa thumba lathu.

Ndikudziwa kuti nanunso mwina mulibe zambiri. Koma khalani pansi ndi bambo a kunyumba muwerengere zimene zingatheke. Kodi azakhali sangamadyere limodzi nanu mpaka mbewu za kudimba zitacha? Kuno tili ndi mwayi umene anzathu akumtunda alibe: madzi akaphwa amasiya chinyezi ndi nthaka yachonde, ndipo mbatata, chimanga, nyemba ndi maungu a kudimba zimatiwombola miyezi ingapo chabe. Mizere ingapo ya mbatata muitchule kuti ndi ya azakhali. Kodi analera inu nokha? Ngati pali ena amene anadya nsima ya m'manja mwawo, kaya akudula nzimbe ku Nchalo, kaya ali ku Blantyre kapena ku Joni, aimbireni foni. Masiku ano ndalama imafika pa foni tsiku lomwelo. Auzeni mosazungulira kuti mayi wathu uja ali ndi njala, aliyense aponyepo. Ngati muli m'banki mkhonde, thumba la zadzidzidzi lija analiikira zoterezi. Ku mvano nako kanenani. Amayi amatha kusonkha mbale imodziimodzi ya ufa ndowa n'kudzaza, ndipo kuyendera okalamba ndi ntchito imene munalonjeza povala yunifolomu.

Palinso khomo lina loyenera. Mndandanda wanu ndi wa anthu amene madzi awawononga. Koma boma lili ndi ndondomeko ya Mtukula Pakhomo, imene cholinga chake ndi mabanja osaukitsitsa opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito, monga a okalamba. Pamakhalanso thandizo la chakudya la miyezi ya njala, limene siliyang'ana za madzi osefukira zokha. Ndondomeko zimenezi zili ndi nthawi yake yolembera ndi makomiti ake, ndiye sindingakulonjezeni kuti alowa mawa. Koma kumeneko mungawayankhulire mutu uli m'mwamba, pamaso pa anthu, chifukwa zimene mukanene n'zoona. Kafunseni kwa alangizi a zachisamaliro cha anthu, ndipo onetsetsani kuti chitupa chawo cha unzika chilipo ndipo chili bwino, poti okalamba ambiri amatsalira pa chifukwa chimenechi.

Za anyakwawa ndiyankhula mosamala, chifukwa mawa mudzawafuna pa maliro, pa mlandu wa malire a munda, pa kalata. Musawayalutse pagulu, ndipo musawayankhe mwachipongwe. Koma musasenzenso nkhaniyi nokha. Mutu umodzi susenza denga. Chimene chimapatsa mphamvu manong'onong'o ndi mdima. Mlembi akamalemba yekha m'nyumba usiku, aliyense amadziwa khomo loti agogode. Pemphani komiti yonse kuti muyendere limodzi nyumba ndi nyumba, muone ndi maso khoma limene lagwa ndi munda umene wakwiririka ndi mchenga. Mugwirizane poyera kuti muyambira ati: amene nyumba zagweratu, amasiye, olumala, amayi oyembekezera, mabanja amene akuyendetsedwa ndi ana. Mukatha, mayinawo awerengedwe pabwalo, anyakwawa atakhala pampando wawo, anthu onse akumva, ndipo amene ali ndi chonena anene. Mukatero mungawauze anyakwawa mwaulemu kuti, "Mfumu, mayina aja ndawamva, tikawaika pamaso pa komiti ngati ena onse." Ngati ndi oyenera adzalowa pakhomo. Ngati si oyenera, si inu mwawakana, ndi bwalo. Mafumu ambiri amene ndagwira nawo ntchito amapepukidwa nazo zimenezi, chifukwa nawonso abale amawapanikiza ngati mmene azakhali akukupanikizirani.

Paulo anachitanso chimodzimodzi. Potolera thandizo la Akhristu osauka a ku Yerusalemu, sanafune kunyamula ndalamazo yekha. Pa 2 Akorinto 8 akufotokoza kuti mipingo inasankha m'bale woti ayende nawo, kuti pasapezeke wowanena, chifukwa ankafuna kuchita zabwino pamaso pa Ambuye komanso pamaso pa anthu. Ngati mtumwi anafuna mboni pa thumba la ndalama, ife tisachite manyazi kufuna mboni pa buku la mayina.

Mwina mufunsa za kugawana kuja kumene kumachitika m'midzi yathu, galimoto ya thandizo ikangotembenuka. Ine ndimasiyanitsa zinthu ziwiri. Mayi akalandira thumba lake la makilogalamu 50, mwa kufuna kwake n'kutapira mnansi wake chigoba, chimenecho ndi chikondi, ndipo kupatsa ndi kuika. Koma akalamulidwa kuti akhuthule thumba lake pabwalo, ena n'kutengapo gawo la "otilembera", kumeneko ndi kulanda, ngakhale kutavala dzina la umodzi. Ndipo pali choipa china chimene sindingachidumphe: amuna ena amauza amayi ndi atsikana kuti awalemba akagona nawo. Mukamva zoterezi musazisunge m'mtima poopa kuyalutsa mudzi. Kanenani kwa a bungwe logawalo kapena kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa. Mlembi wachilungamo pa komiti ndi chitetezo cha ana aakazi a m'mudzimo.

Musaganize kuti nkhaniyi imayamba madzi akasefukira. Mndandanda ndi sikelo, ndipo sikelo timakhala nayo tsiku lililonse. Deuteronomo 25:13-16 akuletsa kukhala ndi miyala iwiri yoyesera m'thumba, waukulu ndi waung'ono, wina wogulira wina wogulitsira. Mneneri Amosi, pa mutu 8, anakalipira amalonda amene ankachepetsa muyeso, kukweza mtengo, n'kugulitsa ndi zinyalala za tirigu zomwe, uku akudikira kuti Sabata lithe msanga. Pitani pa msika wa Bangula, Ngabu kapena Nchalo mukaone ngati Amosi anakalamba. Ndowa yogulira chimanga kwa mlimi ndi yotukumuka m'mbali, yogulitsira ndi yophwanyidwa kunsi. Venda wa thonje kapena chitowe wasokoneza sikelo. Mlimi naye, podziwa kuti amubera, wawaza madzi m'thonje kapena wathira mchenga pansi pa thumba. Aliyense akuti akungobweza. Mulu wa mlamba wouma, zazikulu pamwamba, zofumbwa pansi. Waganyu wapalira ndime yake kuyambira mbandakucha, madzulo akumuuza kuti abwere Lachisanu, pamene Yakobo 5:4 akuti malipiro obisidwa a antchito amafuula mpaka kumwamba. Ambiri ochita zimenezi Lamlungu timakhala nawo pa benchi imodzi, ndipo ena ndi ife tomwe. Dzanja limene lazolowera kuchepetsa chigoba pa msika silinjenjemera pofufuta dzina m'buku. Ndiye ngati mumachitako kabizinesi, yambirani pomwepo: muyeso umodzi kwa wachibale ndi kwa mlendo, kwa mwana wotumidwa ndi kwa wamkulu wodziwa kutsutsa.

Ndimakana anthu akamanena kuti chilungamo chotere n'chachilendo, kuti chikhalidwe chathu n'chokonderana. Chigwa chino cha Shire chili ndi mbiri ina. Nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha mu 1992, dziko lathu linasunga othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni, ndipo Nsanje ndi limodzi mwa maboma amene analandira ochuluka zedi. Thandizo la mabungwe lisanafike, amene anayamba kuwalandira anali anthu wamba, Asena ndi Amang'anja, amene anawapatsa pogona, pomanga kanyumba, ndi nsima ya mapira kuchokera m'nkhokwe zawo. Pa anamondwe aja, Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, amene anayamba kupalasa mabwato kukatsitsa anthu m'mitengo ndi pa zulu anali asodzi a konkuno. Chifundo cha makolo athu chinali chotapa pa chako. Ichi chotapa pa cha wina n'kumatchedwa wabwino nacho chabwera ndi makuponi.

Sindikunamizani kuti zikhala zophweka. Azakhali akhoza kukhala masabata osakuyankhulani. Abale ena adzati mwayamba kudzimva chifukwa cha kabuku. Mwina pa chisankho chotsatira adzakuchotsani mu komiti n'kuikamo wofewa. Ena adzakuopsezani ndi mawu aja akuti "tiona". Pempherani, ndipo auzeni abusa anu ndi amayi anzanu awiri kapena atatu okhwima kuti adziwe zimene mukudutsamo. Koma madzi saiwala khwawa. Adzabweranso, ndipo tsiku limenelo mudzi udzafuna munthu amene buku lake anthu amalikhulupirira, ngakhale iwo amene akukunenani lero.

Ngati munalemba kale dzina losayenera ulendo wina m'mbuyomu, musataye mtima, ndipo musangolapa chamumtima n'kukhala chete. Zakeyu atakumana ndi Yesu anatchula zobweza. Ngati mukumudziwa amene anatsala chifukwa cha inu, mufikireni.

Kwa azakhali pitani mayina asanawerengedwe pabwalo, asadzamvere pagulu kuti mulibe dzina lawo. Musatume mwana, ndipo musapite chimanjamanja. Senzani kaufa, kandiwo ndi kamchere, mukhale pansi pa mphasa monga mwana wawo. Musayambe ndi mavesi. Iwo si ophunzira anu a Sande sukulu. Auzeni kuti, "Azakhali, munandilera ndinu, ndipo munkandimenya ndikatola cha mwini. M'buku muja ndikakulembani ndichotsa uje, amene nyumba yake yapita ndi madzi. Koma inu simugona ndi njala ine ndili moyo. Kuyambira lero muzidya kwathu." Mutchuleni dzina munthu winayo, chifukwa azakhali akumudziwa, mwina anavinira limodzi pa chinkhoswe cha mwana wake. Akakalipa, musabweze, aloleni amalize, mutsanzike mwaulemu. M'mawa mwake mutume mwana akawatenge nsima ikapsa, ndipo akakana, mbaleyo ipite komweko.